Mitambo ikangoda pa phiri ana ena sakhazikika m'kalasi, tiwathandize bwanji?

Madamu Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa makolo ndi inu a zachipatala. Ndimaphunzitsa Sitandade 6 mbali ya ku Muloza kuno. Chiyambireni mvula, mitambo ikangoda pa phiri pali ana angapo m'kalasi mwanga amene mutu wawo sugwiranso. Wina amayamba kulongedza makope m'jumbo, wina amapempha kupita kuchimbudzi osabwereranso, mtsikana wina amatseka makutu n'kuwerama pa desiki mpaka mvula ikate. Ana amenewa anali aang'ono nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo ena anagona m'makalasi omwewa pamene sukulu inasanduka kampu. Anzanga ena akuti ndi njira yozembera masamu. Ine sindikuona choncho, chifukwa kukacha bwino ndi ana okhoza ndithu. Kodi zimenezi n'zakwathu kokha kuno?

Anaphiri a mother group: Si kwanu kokha madamu. Kuno ku Thuchila ndili ndi mdzukulu wa zaka 11 amene anasiya kalekale kukodza pogona, koma chichitikireni za madzi zija anayambiranso. Nyengo ya dzuwa ali bwinobwino. Mvula ikangogunda malata usiku, m'mawa ndiye kuyanika mphasa. Amake amukalipira mpaka atopa.

Make Chisomo: Wanga safuna ndipite kumunda kukachita mdima kumwamba. Amangokakamira chitenje changa, chonsecho ndi mwana wa Sitandade 4.

Bambo a Yamikani: Pepani amayi, ine ndiyankhula mosapsatira. Ana a masiku ano tikuwasasatitsa. Ife tinakulira m'minda ya tiyi, Januwale mvula ikutitsanulira kuyambira m'mamawa, dengu lili kumsana, ndipo palibe ankatifunsa za maganizo. Mapiri awa akhala akugumuka kuyambira kale, akuluakulu ankangoti Napolo wadutsa. Ku Phalombe mu 1991 anthu anatha, otsala anadzuka n'kupitiriza moyo. M'mera mpoyamba. Mwana akathawa m'kalasi, kamkwapulo kamodzi mawa sabwerezanso.

Chimwene wa Kabaza: Kkkk bambo mwabwera ndi moto lero

Madamu Nachisale: A Bambo a Yamikani, mkwapulo kusukulu unaletsedwa. Koma ngakhale ukanakhala wololedwa, mtsikana amene ndikunenayu anaona nyumba ya oyandikana nawo ikupita ndi matope anthu ali momwemo. Ndimukwapulire chiyani?

Sisitala Nangondo: Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. Kwa amene simukundidziwa, ndine namwino wa matenda a maganizo. Zimene mukufotokozazi timaziona kawirikawiri. Mwana akakumana ndi zoopsa zoti akanatha kufa, kapena waona ena akufa, thupi lake limasunga mantha aja. Phokoso la mvula pa malata, fungo la matope, mkokomo wa mtsinje usiku, zonsezi zimamubwezera tsiku lomwe lija. Mtima umayamba kuthamanga, thukuta kamukamu, miyendo kufuna kuthawa. Sachita kufuna. Kwa ana aang'ono zimaonekera m'kukodza pogona, maloto oipa, kukakamira mayi, kudandaula mutu kapena m'mimba koma mukakayezetsa malungo osapezeka. Okulirapo ena amasanduka aukali, ndewu tsiku ndi tsiku, ena amangokhala duu.

Ana ambiri zimawathera zokha pakapita masabata kapena miyezi, ngati kunyumba kuli bata. Koma athuwa sanapume. Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu 2023 amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, kenako Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025. Wailesi ikangotchula dzina la namondwe watsopano, mwana wayambiranso kusagona.

Ndipo a bambo, aja mukuti anadzuka n'kupitiriza moyo, ena timakumana nawo lero ali ndi imvi. Mvula ikamagwa usiku amakhala tsonga mpaka kucha, ena anathawira ku kachasu. Anangosowa wowafunsa.

Bambo a Yamikani: Chabwino asisitala, ndamva. Ndiye mphunzitsi asiye kuphunzitsa ana 90 azinyengerera atatu?

Sisitala Nangondo: Ayi, sizifuna nthawi yambiri. Madamu, kukayamba kuda musadikire kuti mwana ayambe kunjenjemera. Nenani nokha kalasi yonse ikumva kuti mvula ikubwera, tikhala muno, ikakula tidzachita zakutizakuti. Mwana amakhazikika akadziwa kuti wamkulu waiona ndipo ali ndi pulani. Amene amaopa kwambiri akhale pafupi nanu, osati pa zenera loyang'ana kuphiri. Mupatseni kantchito, agawe makope kapena afufute pa bolodi. Aphunzitseni onse, osati iye yekha, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa motalikirapo ndi pakamwa. Mukamachita kalasi yonse palibe wosekedwa. Musamukakamize kufotokoza zimene anaona pamaso pa anzake. Akafuna kujambula, ajambule, akafuna kukamba mumumvere panokha. Ndipo musamunamize kuti sizidzachitikanso, chifukwa iye akudziwa kuti inu simulamula mvula. Muuzeni zoona: a zanyengo amachenjeza pa wailesi, malo othawirako ndi akuti, amayi ako akudziwa kokakupeza.

Anaphiri, wa kumphasayo asakalipiridwe. Manyazi amawonjezera vuto. Akodze asanagone, agone pafupi ndi munthu wamkulu usiku wa mvula, ndipo mukamuyezetse kaye kuchipatala, chifukwa nthawi zina ndi matenda a m'chikhodzodzo kapena likodzo, poti ana athu amasamba m'mitsinje.

Anaphiri a mother group: Zikomo asisitala. Za likodzo ndiye sitinaganizeko.

Make Chisomo: Nanga tidziwa bwanji kuti apa zafika popita naye kuchipatala?

Sisitala Nangondo: Zikapitirira mwezi osachepa, ndipo zikumulepheretsa sukulu, kudya, kugona kapena kusewera ndi anzake. Mwana wosiya kusewera ameneyo ndiye ine ndimada naye nkhawa kuposa wolira.

Tadala: Ndilowererepo ngakhale ndine mwana pagulu pano. Mukukamba za a ku pulayimale, koma ife achinyamata zathu zimabisika kwambiri. Tili Fomu 4 mnzanga wapamtima anasintha pang'onopang'ono. Anasiya kwaya, anasiya kudya nafe, mabuku ake anayamba kugawa, nsapato zake zabwino anandipatsa ine. Kunyumba ankangoti wayamba mwano, mwina wapeza chibwenzi. Chonsecho amalume ake amene ankalipira fizi anali atamwalira, ndipo iye ankadziona kuti akungowalemetsa amake. Anayesa kudzipha. Anapulumuka chifukwa mng'ono wake anamupeza msanga n'kukuwa. Lero ali moyo, akugulitsa nanazi ndi mapeyala, ali ndi mwana wake. Koma nthawi yonse ija palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anamukhazika pansi n'kumufunsa kuti mwana iwe, chikukudya n'chiyani.

Make Chisomo: Ambuye wanga. Pepa mwanawe.

Sisitala Nangondo: Tadala wachita bwino kuyankhula. Zimene watchulazo makolo muzigwire: kugawa katundu amene ankamukonda, kudzipatula, kusiya zimene zinkamusangalatsa, kugona kwambiri kapena kusagona, mawu onga akuti bola ndingofa, mupumule, simudzandionanso. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amanena kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, komanso kuti pafupifupi theka la matenda amenewa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ndiye si za akuluakulu okha. Mukaona zizindikirozi mufunseni mwachindunji, muli awiri: kodi ukuganiza zodzipha?

Bambo a Yamikani: Aaa ayi asisitala, pamenepo ndiye ndakana. Kumufunsa mwana wako mawu amenewo? Amenewo ndi malodza. Ungamupatse nzeru imene analibe.

Sisitala Nangondo: Ambiri amaopa zomwezo bambo, koma kufunsa sikuika ganizo m'mutu mwa munthu. Amene alibe ganizolo amangodabwa n'kukana. Amene ali nalo nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera musakuwe, musamulalikire za tchimo, musaitane mudzi wonse. Khalani naye, asatsale yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo chonde, mankhwala a mbewu, a makoswe, a ku dimba, mapiritsi a odwala m'nyumba, zonsezi zizikhala zokiyidwa. Achinyamata ambiri ganizo limawabwerera mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, atakangana ndi makolo, atalephera mayeso, chibwenzi chitatha. Ngati chovulazira sichili pafupi, kanthawi kaja kamadutsa munthu ali moyo.

Admin: Poti nkhaniyi yafika apa, ndikumbutse lamulo la gulu. Zithunzi za mwana amene wadzipha, kalata imene wasiya, kapena kufotokoza njira imene wagwiritsa ntchito, musatumize muno. Pali achinyamata pagulu pano. Wotumiza ndimuchotsa osafunsa.

Chimwene wa Kabaza: Ine funso langa ndi la anyamata. Atsikana ali ndi mother group, mabungwe amabwera kudzawafuna, wina akatenga mimba amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Zabwino zimenezo, sindikutsutsa. Koma mnyamata akalephera Sitandade 8 kapena osasankhidwa kupita ku sekondale, amamufunsa ndani? Pa siteji pa Limbuli tili ndi ana a zaka 16, 17. Wapatsidwa njinga ya bwana, madzulo akapereke ndalama yakuti, zivute zitani. Tsiku lavuta, mafuta akwera, iye n'kutenga kochepa kaja kukabetcha pa foni kuti mwina kachuluka. Kapita. Madzulo akuopa kubwerera kwa bwana, kunyumba akudikira ufa. Mnzake amupatsa ndudu ya chamba kuti uiwaleko mavuto. Akayesa kudandaula timamuseka tokha kuti mwamuna salira. Ndiye mukamamva apolisi akulengeza za anthu odzipha, ambiri ndi amuna. Mumadabwa?

Madamu Nachisale: Achimwene mwanena zoona zowawa. Kusukulu kwathu mtsikana akajomba sabata imodzi amayi a mother group afika kale pakhomo. Mnyamata akajomba timangoti wapita ku ganyu ku Mozambique, basi nkhani yatha.

Anaphiri a mother group: Ife timayesetsa kulondola onse, koma anyamata akafika zaka 14 sayankhula ndi ife azimayi. Amangoyang'ana pansi n'kumati palibe. Pamafunika azibambo. Tikaitana msonkhano wa makolo amabwera angati? Muwerenge nokha.

Malume a ku Joni: Ndikutsatira ndili kuno ku Johannesburg. Nkhani ya azibamboyo yandikhudza. Kwathu ku Chonde nyumba zambiri ndi za azimayi ndi agogo, amuna tili kuno, ena ku Blantyre, ena ukwati unatha anabwerera kwawo poti n'chikamwini. Kale mwana wa mlongo wako anali wako, malume ndiwe unkamukhazika pansi. Pano malume tili pa WhatsApp. Ndimatumiza ndalama ya fizi ndi feteleza, ndikaimba foni ndimafunsa ndalama yafika, mayeso wakhoza nambala chani, basi. Mphwanga wina wa Fomu 2 amangoyankha eya, ayi, eya. Amake akuti amadzitsekera m'nyumba. Munthu uli kutali ungatani?

Tadala: Amalume, muzimuimbira pa yekha, osati pa foni ya amake iwo ali pompo akumvetsera. Ndipo tsiku lina musafunse za sukulu n'komwe. Mufunseni za mpira, za anzake, mumuuzeko za inu, ngakhale zovuta zimene mukukumana nazo kumeneko. Ife timatseguka kwa munthu amene sakutiyesa mayeso.

Malume a ku Joni: Ndamva mwana wanga. Amakonda Bullets ameneyo, ine wa Wanderers, poyambira pakhalapo.

Chimwene wa Kabaza: Kkkkk ndiye mukamuwonjezera maganizo amalume

Mayi Nasibeko: Ine ndikuona kuti mukuzemba chenicheni. Zina si za chipatala. Kusukulu ina kuno atsikana anayamba kugwa m'kalasi, wina akagwa mnzake wagwa, kukuwa, kubwebweta. Amenewo mukuti ndi maganizo? Ndi ziwanda, kapena pali wina akuwatamba. Ana amenewo amafunika mapemphero amphamvu.

Abusa a ku Luchenza: Mayi, ine ndine m'busa, pemphero ndimalikhulupirira ndi mtima wonse. Koma ndaona zinthu zondimvetsa chisoni. Mnyamata wodwala mutu kumangidwa unyolo pa mtengo kwa mneneri, kusala kudya masiku, akuti chiwanda chituluke. Mtsikana wa khunyu kuuzidwa kuti ataye mankhwala chifukwa wachiritsidwa, kenako n'kugwera pamoto. Ine akandibweretsera mwana ndimapemphera naye, kenako ndimawauza kuti mawa m'mawa kuchipatala, ndipo Lamulungu ndimafunsa ngati anapita. Wodwala malungo timamupempherera ali pa dripu, bwanji wa maganizo tizimubisa?

Mayi Nasibeko: Nanga zogwa onse pamodzizo abusa? Malungo amatero?

Sisitala Nangondo: Zimenezo zimachitika m'masukulu a m'mayiko ambiri, makamaka ogonera konko, nthawi ya mayeso kapena pakakhala mphekesera zoopsa. Ana sakunamizira, akuvutikadi, koma chimene chimafalikira ndi mantha. Ife a kuno tikuyenera kuzimvetsa kuposa ena. Kumbukirani 2017 nkhani ya anamapopa. Midzi yonse kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anthu ankagona panja, ena ankadzuka ali ofooka, mtima ukugunda, akulumbira kuti apopedwa magazi. Mantha okha anafooketsa akuluakulu, anthu osalakwa anaphedwa. Ndiye kuli bwanji ana? Zikachitika kusukulu, apatuleni amene agwa, aliyense payekha pamalo a phee, anthu asaunjikane, ayezedwe ngati palibe matenda ena, kenako mufufuze chimene chikuwasautsa. Kuwasonkhanitsa n'kumawakuwira kumangochulukitsa ogwa.

Khunyu ndi nkhani ina. Ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana ngakhale mutakhudza thovu, ndipo mankhwala ake alipo aulere m'zipatala za boma. Mwana akagwa musamuike supuni m'kamwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mumugoneke cham'mbali. Komanso ana ena amene anadwalapo malungo aakulu a mu ubongo amatsala ndi khunyu, kuiwalaiwala, kapena kusakhazikika. Makolo amati mwana wapulupudza, osakumbukira kuti zinayamba atatuluka m'chipatala.

Mayi Nasibeko: Mmm. Ine zanga ndanena. Si zonse zimene a chipatala mumazidziwa.

Bambo Mbewe a ku Thekerani: Asisitala, anthu kuno amaopa kuti ukangopita ndi mwana kukanena za maganizo, basi amutumiza ku Zomba. Ndipo dzina loti anapitako ku mental silichoka, ngakhale pofunsira mbeta amalikumbutsa.

Sisitala Nangondo: Ku Zomba Mental Hospital kumapita ochepa, amene adwalika kwambiri moti sangasamalidwe pafupi. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha pa boma, ku Mulanje kapena ku Thyolo, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ku Queens ku Blantyre kulinso kiliniki yake, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kwa mwana wa nkhawa kapena wokhumudwa sitithamangira mapiritsi, choyamba ndi uphungu, kukambirana ndi iye komanso makolo ake. Mankhwala amabwera pamene afunikadi. Ndipo amene ali pa ma ARV chibadwire, musawaiwale. Ambiri amavutika mumtima akafika pa msinkhu wa zibwenzi, ena amasiya kumwa mankhwala mwakachetechete. Ma Teen Club a m'zipatala anakhazikitsidwira amenewa, kuti azikumana okhaokha.

Bambo Mbewe a ku Thekerani: Zamveka, koma kuchoka kuno kukafika pa boma si pafupi. Munthu ndi mwana, kupita ndi kubwera, ndi ndalama ya thumba la chimanga. Zipatala za mishoni zili pafupipo koma pamafunika kangachepe. Ndiye mukati azibwera mwezi ndi mwezi, tizitenga kuti?

Achimwene a Social: Ndiyankheko mbali ina, ya thiransipoti ndiwasiyira a zaumoyo. Ine ndimagwira ntchito ya chitetezo cha ana. Pali nambala ya 116, yaulere, ya Tithandizane Helpline imene amayendetsa a YONECO a ku Zomba. Mwana akhoza kuimba yekha, kholo kapena mphunzitsi akhozanso kuimba. Ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 5600. Aphunzitsi lembani 116 pakhoma la kalasi, ana ena sangakuuzeni inu koma angauze munthu amene sakuwaona nkhope.

Chinanso, mwana akasintha mwadzidzidzi musangoganiza za namondwe. Kawirikawiri tikafufuza timapeza kuti pali amene akumugwiririra kapena kumuzunza, ndipo amakhala wa pakhomo pomwepo: bambo omupeza, msuweni, wa geni amene amamupatsa tindalama. M'makampu muja zinachitikanso zambiri. Zoterezi si zokambirana pabanja n'kulipitsana mbuzi. Pitani ku Victim Support ku polisi, kapena ku ofesi ya Social Welfare, ndi kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ndipo kumbukirani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kumukwatitsa kuti achoke pakhomo chifukwa wavuta maganizo kapena watenga mimba ndi mlandu.

Tadala: Achimwene, vuto lina ndi chinsinsi. Pepani amayi a mother group, koma ndinene. Zimene mtsikana angakuuzeni Lolemba, Lachitatu zamveka kale pa mjigo. N'chifukwa chake timangoti palibe.

Anaphiri a mother group: Iwe Tadala usatiphatikize tonse. Ena timasunga nkhani mpaka kumanda. Koma sindikana, alipo a pakamwa. Ndiponso nthawi zina timakakamizika kunena, mwana akakuuza kuti akugwiriridwa ungakhale chete?

Achimwene a Social: Pamenepo Anaphiri mukulondola. Lamulo lake ndi lakuti mumuuziretu mwana musanayambe: zimene undiuze zikhala pakati pa ine ndi iwe, pokhapokha ngati moyo wako uli pangozi kapena wina akukuvulaza, pamenepo ndidzauza munthu amene angathandize, ndipo ndidzayamba ndakuuza iwe. Mwana akamva choncho samva kuti wagulitsidwa. Koma kuuza a Social ndi kuuza anzanu pa chigayo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Abusa a ku Luchenza: Zimenezi zitikhudzenso ife a mipingo. Mwana akaulula vuto kwa mkulu wa mpingo, lisasanduke mutu wa ulaliki Lamulungu lotsatira. Ana amazindikira kuti akunena ine.

Sisitala Nangondo: Ku Zimbabwe kuli njira ina imene anayambitsa dokotala wa maganizo Dixon Chibanda ku Harare, amaitcha Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera. Amakhala pa benchi panja pa kiliniki, munthu amabwera n'kufotokoza, gogo samuweruza ndipo samupatsa malangizo a msangamsanga. Amamuthandiza kutchula mavuto ake, kusankha limodzi loyamba nalo, n'kupeza yekha chochita sabata imeneyo. Amakumana kangapo, ndipo amene vuto lake ndi lalikulu amamutumiza kwa anamwino. Yathandiza anthu ambiri ndipo yafika m'mayiko ena. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti agogo tili nawo mudzi uliwonse. Chosowa ndi maphunziro, chifukwa agogo athu anazolowera kulangiza, kumvetsera ndiye ayi.

Make Chisomo: Apo mwalasa. Amayi anga ukangoyamba kufotokoza, iwo afika kale pa nthawi ya Kamuzu kkkk

Chimwene wa Kabaza: Benchi ya agogo anyamata a pa siteji sangakhalepo asisitala, ndikuuzeni zoona. Aseka. Koma mutati pa bwalo la mpira, kochi akhale munthu wophunzitsidwa zimenezi, kapena tcheyamani wa siteji, pamenepo mwina. Ife timakamba nkhani zenizeni tikukonza njinga, osati titayang'anizana maso.

Bambo a Yamikani: Ine za kufunsa mwana mawu aja sindinavomerebe. Koma za anyamatazo mnyamatayu akunena zoona. Ku esiteti tikuona ana akuyamba mowa ali ndi zaka 13, ndipo ogulitsa ndi makolo anzathu omwe. Amenewo ndiye ofunika mkwapulo. Amfumu achitepo kanthu.

Madamu Nachisale: Bambo, ndiye Lachisanu likudzali tili ndi msonkhano wa makolo kusukulu kwathu, nkhaniyi ndaipempha kwa ahedi kuti ikhalepo. Azibambo akamva kwa bambo mnzawo amamvera kusiyana ndi kwa ine. Simungabwere?

Bambo a Yamikani: Ino ndi sizoni madamu, tiyi waphuka, Lachisanu sindingachoke. Mukanati Loweruka masana.

Sisitala Nangondo: Loweruka nanenso ndingakwanitse, bola mundiuze msanga ndisinthane ndi anzanga. Koma ana asakhalepo pa msonkhano wa makolowo, ndipo pasatchulidwe dzina la mwana aliyense. A Social, mungabwere ndi timapepala ta 116?

Achimwene a Social: Ndiona zimene zatsala ku ofesi. Zikasowa tilemba pa ma chart.

Madamu Nachisale: Ndikambirana ndi ahedi ndi a komiti mawa za kusintha tsikulo, ndikuyankhani muno.

Bambo Mbewe a ku Thekerani: Abale, funso langa la thiransipoti mwalidumpha.

Sisitala Nangondo: Pepani bambo, mauthenga anachuluka. Yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko. Funsani a kiliniki kapena alangizi a zaumoyo tsiku limene a matenda a maganizo ochokera pa boma amabwera, chifukwa pamakhala maulendo otere, ngakhale nthawi zina amalephereka galimoto ikasowa mafuta. Mwana akaonedwa koyamba pa boma, pemphani kuti ngati n'kotheka mankhwala azikatengera kufupi, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Pamene mukudikira, imbani 116 ayambe kuyankhula naye.

Bambo Mbewe a ku Thekerani: Netiweki yake kuno mpaka ukwere pachulu. Ndikafunsa kwa alangizi Lachiwiri, ndi tsiku la sikelo.